Akauboyi a ku Roma ndi Anthu Owasungira Mbiri

M'zaka zoyambirira za m'ma 1960, pamene opanga mafilimu a ku America adayamba kufooka pa nkhani za akauboyi, popeza zambiri mwa nkhanizo zinali zitasamukira pa wailesi yakanema, eni nyumba za kanema a ku Italy adasowa chopatsa makamu amene ankadzaza mipando yawo usiku ndi usiku. Tsono amisiri a ku Roma, ngakhale kuti ambiri a iwo anali asanapondeko dothi la Texas, adapangana zodziumbira okha akauboyi, nakawafunira chipululu ku Spain, kumene dzuwa linali laulere ndipo antchito sankalira malipiro ochuluka.

Amene adatsegula njira ndiye Sergio Leone, ndi filimu yake ya 1964, A Fistful of Dollars. Poopa kuti anthu angainyoze akadziwa kuti eni ake ndi a kwawo komweko, Leone adadzilemba Bob Robertson, ndipo wopeka nyimbo, Ennio Morricone, amene adaphunzira naye sukulu imodzi ali ana, adadzitcha Dan Savio. Mnyamata wa ku America, Clint Eastwood, adamulipira madola 15,000 okha. Ngakhale nkhaniyo inali yobwereka kosapempha, pakuti idatsata phazi ndi phazi Yojimbo, filimu ya 1961 ya Akira Kurosawa wa ku Japan. Ndipo mlandu utabuka, eni Yojimbo adapatsidwa gawo la phindu lake.

Kajambulidwe kakenso kanali ka amphawi. Pojambula sankatola mawu ayi. Wosewera wa ku America ankayankhula Chingerezi, mnzake n'kumuyankha m'Chitaliyana, wina m'Chijeremani, osamvana, ndipo mawu enieniwo ankawaika pambuyo pake, dziko lililonse m'chiyankhulo chake. Chifukwa chake Leone adachepetsa zoyankhula nachulukitsa nkhope: maso awiri odzaza chinsalu chonse, thukuta likutsika m'ndevu, chala chikunjenjemera pambali pa mfuti. Morricone naye, posakhala ndi ndalama zolembera gulu lalikulu la oimba, adasonkhanitsa mluzu wa munthu, kulira kwa chikwapu, mabelu ndi gitala wamagetsi, nazisandutsa nyimbo zimene mpaka lero anthu amaziimba mluzu osadziwa mwini wake. Adanena akale kuti ukaipa dziwa nyimbo, ndipo m'menemo ndi mmene mafilimu otchipawa adapulumukira.

Njira itatseguka, adakhamukiramo ambiri, kotero kuti mafilimu otere adapitirira 500, ndipo chipululu cha Tabernas, m'chigawo cha Almería, chidamera timidzi ta matabwa tokhala ndi mabanki, ndende ndi mitengo yopachikirapo anthu. Mu 1966 Sergio Corbucci adatulutsa Django, m'mene Franco Nero akulowa m'mudzi wamatope akukoka bokosi la maliro. Nkhanza zake zidachititsa kuti ku Britain ailetse kufikira 1993, koma dzina lake lidagulitsa malonda kwambiri mwakuti opanga mafilimu ena makumi angapo adangolitola nalimata pa ntchito zawo. Kauboyi wa ku Italy sanali woyera mtima ngati wa ku America: ankagwirira ntchito ndalama, ndipo wapolisi, mwini banki ndi chigawenga kawirikawiri ankadyera mbale imodzi. Akatswiri oweruza mafilimu adazinyoza zonsezi, nazitcha za spaghetti, chakudya cha ku Italy. Pofika 1970, pamene Terence Hill ndi Bud Spencer adasandutsa mfuti kukhala makofi ndi nthabwala mu They Call Me Trinity, dzuwa linali litapendeka, ndipo zaka za m'ma 1970 zisanathe ntchitoyo inali itazilala.

Koma chimene anzeru adachikana, owonera wamba adachisunga. M'chigwa cha Mirandilla, pakati pa Contreras ndi Santo Domingo de Silos m'chigawo cha Burgos, asilikali a dziko la Spain adamangira Leone mu 1966 manda a Sad Hill, mitumbira pafupifupi 5,000 yozungulira bwalo la miyala, m'mene simudagonepo munthu ndi mmodzi yemwe. Pabwalo limenelo ndi pamene amuna atatu a m'filimu ya Leone, The Good, the Bad and the Ugly, akuyang'anizana kwa mphindi zingapo popanda wotulutsa mawu. Ojambula atachoka, udzu ndi dothi zidakwirira malowo kwa zaka pafupifupi 50, kufikira mu 2015, pamene bungwe la Asociación Cultural Sad Hill lidaitana okonda filimuyo, ndipo adadza ochokera m'maiko osiyanasiyana atanyamula makasu ndi mafosholo, monga achitira abale polambula kumanda kwa makolo awo. Adafukula bwalolo mwala ndi mwala, naimikanso mitanda, ndipo aliyense wopereka mayuro 15 ankalembedwa dzina pa mtanda wake akali moyo. Mu July 2016 filimuyo idaonetsedwa pamalo pomwepo pokumbukira zaka 50.

Mtima womwewo ndi umene wabala mwambo wa masiku ano, wakuti okonda mafilimuwa amapatula mwezi wathunthu, naonera imodzi usiku uliwonse, kenaka aliyense n'kulemba chiweruzo chake kuti anzake amutsutse. Sakhalira Leone yekha, pakuti iyeyo aliyense akumudziwa. Amafunafuna The Great Silence ya 1968, imene Corbucci adaijambula m'chipale chofewa nalola oipa kupambana, ndiponso ma Django abodza aja, amene filimu imodzi imapezeka ndi maina atatu kapena anayi, ina yodulidwa, ina yosagwirizana mawu ndi milomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wopirira mwezi wonse amazindikira nkhope za anthu okwera akavalo amene amafa m'filimu ya Lolemba n'kudzukanso ya Lachiwiri, ndipo amaphunzira kusiyanitsa mmisiri ndi wongotsanzira. Ambiri mwa mafilimuwo ndi osalongosoka, ndipo owonerawo sabisa. Koma pakadapanda khama la anthu otere pofufuza, kuyerekeza ndi kulemba, mbiriyi ikadatsala ya mafilimu anayi kapena asanu a munthu mmodzi, pamene idali ntchito ya anthu zikwizikwi a ku Italy ndi Spain.