Nsompho ya Agogo

Kwathu ku Senga Bay, kuseri kwa chitseko, kudakali nsompho ya malemu agogo anga aamuna, ija ena amati kasemasema. Mpini chiswe chinadya kalekale, koma chitsulocho chidakali bwinobwino. Agogowo anali mmisiri wosema mabwato. M'kalasi sanapondemo, koma sukulu yawo ndiye inali yaitali kuposa yanga.

Anaphunzira kwa amalume awo. Ankatiuza kuti zaka zoyamba ntchito yawo inali kunola zida, kutunga madzi ndi kuwola zibanthu basi. Kenaka anawalola kusema kunja kwa chipika cha mbawa. M'kati munali momaliza, chifukwa ukangolakwitsa kamodzi n'kuboola mimba ya bwato, ntchito ya miyezi yathera pomwepo, mtengonso wapita. Amalumewo ankagogoda m'mbali ndi chala n'kumvetsera, atero adziwa pamene patsala pochindikala. Mayeso ankapereka ndi nyanja. Bwato likamapendekeka pa mwera, dooko lonse linkadziwa analisema ndani.

Sukulu ya umisiri yokhala ndi belu inabwera ndi amishoni, ndipo inadzera m'nyanja momwemu. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 Robert Laws anatsegula Overtoun Institution pamwamba pa phiri ku Khondowe. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku, atasainira kuti akhala pansi pa mmisiri zaka zingapo. Ku Blantyre nako, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi anthu akuda amene ntchitoyo ankaiphunzirira pakhoma pomwepo. Mukadzapita kukachiona, muyang'anitsitse njerwazo. Chidakaimabe.

Kuno kwathu zitsulo zinabwera ndi njanji, imene inafika ku Salima mu 1935 itadutsa pa Chipoka. Sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, inachokera ku Scotland ili zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Panyanja pankafunika anthu odziwa injini, mabawuti ndi kuwotcherera, zinthu zimene amalume a agogo sakanatha kuphunzitsa munthu.

Koma sukulu ya mishoni yomweyo inkatulutsanso kalaliki ndi mphunzitsi. Awa ankavala taye, n'kumakhala pamthunzi, malaya oyera mpaka madzulo. Ine ndimakhulupirira kuti matenda athu anayambira pamenepo. Makolo anayang'ana kalipentala ali thukuta kamukamu, n'kuyang'ananso kalaliki, basi anasankha. Ntchito zamanja zinasanduka kothawira amene cholembera chawakana.

Maboma akhala akuyesa kukonza zimenezi, lililonse m'njira yake. Nthawi ya Kamuzu kunali a Malawi Young Pioneers, amene anayamba mu 1963 ndipo m'mabesi mwawo ankaphunzitsa ulimi ndi ntchito zina zamanja. Kungoti anthu amawakumbukira ndi zina, ndipo nkhani yawo inathera pa mfuti, asilikali atawalanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa TEVETA, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro kuti ithandize maphunziro a umisiri. Mu 2015 boma la Peter Mutharika linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Ife a ku Senga Bay zonsezi tinali nazo pafupi, poti Salima Technical College ili pakhomo pathu penipeni.

Ndinakula ndikudutsa pageti pake. Nditamaliza Folomu 4, bambo anandifunsa ngati ndingakonde kukaphunzira ukalipentala. Ndinawayankha kuti ine sindinalephere mayeso. Sanayankhe. Anangoyang'ana kumene kunakhala agogo, amene anamva zonse ali phee, akusoka ukonde. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Ndinapita kutauni kukafuna ya muofesi, ndipo ndinayenda ndi envulopu ya khaki zaka zitatu.

Sindikufuna kunamizira kuti sukulu ya pansi pa mtengo inali yabwino zokhazokha. Ndikudziwa anyamata amene akhala madakaboyi zaka zambirimbiri, akuponda dothi, mmisiri osawagwiritsako mpeni womangira poopa kuti angamulande makasitomala. M'magalaja namo muli ena amene ntchito yawo n'kupatsira sipanala basi. Ndipo amene waidziwadi ntchito, akafuna kontirakiti ya sukulu kapena ya chipatala, amamufunsa pepala. Mayeso a Trade Test, aja a Giredi 3, 2 ndi 1, anathandiza ambiri otere kupeza pepalalo. Koma wosema bwato analibe poti n'kukalembetsa, ndipo pano mbawa zikuluzikulu zinatha. Padooko pachuluka maboti a matabwa ndi mainjini, ndipo munthu amene akusakidwa m'mawa uliwonse ndi makaniko.

Zonsezi zandibwerera mwezi wathawu. Mwana wa achemwali anga wakhoza bwino MSCE, koma akuti akufuna kukaphunzira kuwotcherera ndi kukonza mainjini a maboti. Achemwali anandiimbira foni usiku.

"Achimwene, mwana wanuyu mumulankhule. Fizi yonse ija ndinavutika nayo kuti azikada manja ndi girisi?"

Ndinapita Loweruka. Ndinamupeza kudooko atagwada pambali pa injini ya munthu wina, mapulagi ali pa chiguduli. Ndinamufunsa kuti wamuphunzitsa ndani.

"Ndimangoonera, malume. Koma ndikufuna ndikaidziwe bwinobwino, ndikhalenso ndi pepala lake."

Zimene ananditumira achemwali sindinanene. Madzulo ndinamutengera kuseri kwa chitseko kuja n'kumuonetsa nsompho. Anaitembenuza kawiri, n'kuyesa kukamwa kwake ndi chala chachikulu, monga ankachitira eni ake amene iye sanawaonepo. Kenaka anati chitsulo chake ndi cha sipuling'i ya galimoto, ndipo amene anachisula ankaidziwa ntchito. Ine zaka zonsezi ndinali ndisanadziwe.

Mafomu tinalemba limodzi pa mphasa, achemwali ali kukhitchini, mapoto akulira kuposa masiku onse. Nsompho anapita nayo, akuti akaiikira mpini.