Mlandu wa Feliya Kachasu, mwana amene anakana kuimba pa asembule

Aliyense amene anaphunzila pa sukulu ya boma kuno kwathu akumbukila asembule ya pa Mande. Tinali kuima m'mizele, dzuwa likuwotcha pamutu, mapulifekiti akusakila amene sanapisile shati, kenako ahedi n'kunena kuti tiimbe nyimbo ya fuko. Pafupifupi m'kalasi iliyonse munali mmodzi kapena awili amene anali kungoima cilili, manja m'mbali, pakamwa potseka. Tinali kuwachula kuti Acitawala. Pa sukulu yathu aphunzitsi anali kuwaona n'kuyang'ana kumbali. Sindinali kudziwa panthawiyo kuti kukhala cete kumeneko kunafikapo ku khoti yaikulu ya dziko lino, komanso kuti mwana amene anapeleka nkhaniyo kumeneko analuza.

Dzina lake anali Feliya Kachasu. (Inde, ndadziwa mwaseka. Si kacasu wa m'botolo, ndi dzina la banja.) Anali mtsikana wa zaka zapakati pa 11 ndi 13, wophunzila pa sukulu ya Buyantanshi ku Mufulira, ndipo makolo ake anali a Mboni za Yehova. Mu 1966 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la maphunzilo, ndipo pansi pa lamulolo nduna inalemba malamulo ang'onoang'ono oyendetsela masukulu a pulayimale ndi sekondale. Nambala 25 inali kulamula kuti ana aziimba nyimbo ya fuko ndi kucitila sailuti mbendela pa nthawi zoikika. Nambala 31 inapatsa ahedi mphamvu yoimitsa sukulu mwana amene wakana dala. Mu Okutobala caka comweco Feliya anakana kuimba, ndipo anamuimitsa. Kuti abwelele, anafunika kulonjeza kuti adzaimba ndi kucitila sailuti mbendela. Kwa iye ndi atate ake, kucita zimenezo kunali kulambila cinthu cimene si Mulungu.

Ganizilani cimene malo a sukulu anali kutanthauza masiku amenewo. Pamene tinalandila ufulu pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 cabe amene anali ndi digili. Yunivesite ya Zambia inali itangotsegulidwa mu 1966 momwemo. Mwana amene anali ndi desiki anali ndi mwayi umene makolo ake sanauonepo. Kumucotsa pa desikiyo kunali cilango cacikulu kuposa cikoti ciliconse.

Popeza Feliya anali mwana, atate ake a Paul Kachasu ndi amene anamuimila posumila boma ku khoti yaikulu. Anadalila gawo 21 la malamulo aakulu a dziko a 1964, limene linali kuteteza ufulu wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo, ndiponso linali kuletsa kukakamiza mwana wa sukulu kutengako mbali m'mwambo wa cipembedzo cimene si cake. Mlanduwo unazengedwa mu 1967, ndipo anauweluza ndi a Blagden, mkulu wa oweluza onse panthawiyo.

Apa ndi pamene ndifuna tikhaleko pang'ono, cifukwa anthu ambili amangomva zakuti Acitawala analuza, osamva mmene analuzila.

Funso loyamba linali lakuti, kodi kuimba nyimbo ya fuko ndi kucitila sailuti mbendela ndi mwambo wa cipembedzo? Woweluza anati iyai. Anati funso limeneli siliyankhidwa poona mmene munthu mmodzi akumvela mumtima, koma poona mmene munthu wamba wanzelu zake angacionele, ndipo kwa munthu wotelo izi ndi zinthu za dziko, osati za chalichi. Ine pamenepa ndimakanda mutu pang'ono. Maimbidwe a nyimbo yathu ya fuko anacokela ku Nkosi Sikelel' iAfrika, imene Enoch Sontonga anapeka mu 1897 monga nyimbo ya mapemphelo, ndipo mawu athu omwe amatamanda Mulungu. Koma tiyeni tivomele kuti ambili a ife poimba sitinali kuganiza kuti tikupemphela. Tinali kuganiza za nthawi ya buleki.

Funso laciwili ndi limene lili ndi nkhani. Kodi Feliya anasokonezedwa pa ufulu wake wa cikumbumtima? Woweluza anati inde. Anavomeleza kuti mtsikanayu anali kukhulupililadi zimene anali kunena, ndipo kumuuza kuti asankhe pakati pa sukulu ndi cikhulupililo cake kunali kumupinga pa ufulu umene malamulo aakulu anamupatsa. Mukafika pamenepa powelenga mungaganize kuti mwana wawina.

Koma gawo 21 lomwelo linali ndi mcila. M'munsi mwake munali mawu akuti lamulo lililonse lopinga ufulu umenewu silidzaonedwa kuti n'lolakwika ngati n'lofunikila pa citetezo ca dziko, citetezo ca anthu, bata, makhalidwe abwino kapena umoyo wa anthu, pokhapokha ngati zaonetsedwa kuti lamulolo n'losayenela m'dziko la demokalase. Woweluza anatsata njila iyi: dziko kuti likhale lotetezeka lifunika umodzi, Zambia ndi dziko latsopano la mitundu ndi zinenelo zambili, nyimbo ndi mbendela zimamanga umodzi, conco lamulo lokakamiza ana kuimba n'lofunikila. Ndiyeno katundu wosonyeza kuti lamulolo n'losayenela anamusenzetsa wodandaula, cifukwa khoti imayamba ndi kuganiza kuti malamulo a boma ali bwino kufikila wina ataonetsa kuti ndi olakwika. Feliya analephela kuonetsa zimenezo. Khoti inati anamuimitsa sukulu mwalamulo.

Mwacidule, khoti inamuuza kuti ufulu uli nawo, ufuluwo wapondedwadi, koma kuupondako n'kololeka.

Sindifuna kunamizila kuti boma la a Kaunda linali kungovutitsa anthu popanda cowawopsa. Miyezi yocepa ufulu usanabwele, mu Julayi ndi Ogasiti 1964, asilikali anamenyana ndi a chalichi ca Lumpa ca Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Gwelo la mkanganowo linali lofananako: gulu la cipembedzo limene linakana makadi a cipani n'kudzipatula. Mu Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wa azungu ku Rhodesia, ndipo njila zathu za mafuta ndi za mkuwa zinali m'manja mwa mdani. Kum'mawa ndi kumadzulo kunali Apwitikizi. Munthu amene anali m'boma masiku amenewo anali ndi zifukwa zomveka zoopela kuti dziko lingang'ambike.

Komanso mbili ya Citawala inali yoipa kale m'maofesi a boma kuyambila nthawi ya atsamunda. Mu 1925 Tomo Nyirenda, amene anadzicha Mwana Lesa, anali kubatiza anthu m'dzina la Citawala n'kumiza m'madzi amene anali kuwanena kuti ndi mfiti, mpaka anamunyonga ku Broken Hill mu 1926. Iye sanali wa Mboni za Yehova zimene tidziwa lelo, koma dzina linamamatila onse. Mu 1935 anchito a m'migodi atacita sitalaka, imene inayambila ku Mufulira komweko, bungwe lofufuza la atsamunda linaloza cala mabuku a Watch Tower. Boma la ufulu linalandila mafaelo amenewa pamodzi ndi makiyi a maofesi.

Ngakhale n'telo, funso limene limandivuta ndi ili: ndani kwenikweni anali kuwopseza umodzi wa dziko mu 1967? Mu Ogasiti caka cimeneco, pa msonkhano wa UNIP ku Mulungushi, akuluakulu a cipani anagawanika potsata mitundu posankha atsogoleli. A Simon Kapwepwe anagonjetsa a Reuben Kamanga pa mpando wa waciwili kwa pulezidenti, ndipo mabala a masankho amenewo anali aakulu moti mu Febuluwale 1968, pa msonkhano wa ku Chilenje, a Kaunda anatula pansi udindo kwa maola angapo cifukwa cotopa ndi tsankho la anzawo. Onse amene anali kukangana m'misonkhano imeneyo anali kuimba nyimbo ya fuko bwinobwino, mavesi onse. Mtsikana wa pulayimale woima cete pa mzele ku Kopala sindiona cimene akanagwetsa.

Maiko ena anakumana ndi funso lomweli n'kuyankha mosiyana. Ku America khoti yaikulu koposa inagamula mu 1940, pa mlandu wa Gobitis, kuti ana a Mboni angacotsedwe sukulu akakana kucitila sailuti mbendela. Patangopita zaka zitatu, mu 1943, nkhondo yaciwili ya dziko lonse ili mkati, khoti yomweyo inabweza mawu ake pa mlandu wa Barnette, n'kunena kuti boma silingakakamize munthu kulankhula zimene sakhulupilila. Ku India mu 1986, pa mlandu wa Bijoe Emmanuel, ana atatu a banja limodzi ku Kerala anawacotsa sukulu cifukwa cosaimba, ndipo khoti yaikulu koposa inati kuima mwaulemu pamene ena akuimba n'kokwanila, abwelele m'kalasi. India ili ndi zinenelo ndi zipembedzo zambili kuposa ife, conco nkhani yakuti dziko la mitundu yambili silingapilile mwana wosaimba siimveka kwenikweni.

Mwina tisaiwalenso mpweya umene oweluza anali kupuma. Loya wamkulu wa boma m'zaka zimenezo anali a James Skinner, mzungu wocokela ku Ireland amene anali membala wa UNIP kuyambila pa nkhondo ya ufulu. Mu 1969 anakhala mkulu wa oweluza. Caka comweco woweluza wina anamasula asilikali awili a Cipwitikizi amene anagwidwa atalowa m'dziko, a Kaunda anakwiya, a Skinner anaikila kumbuyo woweluzayo, ndipo acinyamata anathamangila ku khoti yaikulu mu Lusaka n'kuisokoneza. A Skinner anacoka m'dziko, pambuyo pake anakakhala mkulu wa oweluza ku Malawi. Ngati munthu wa cipani yemwe anathawa, ganizilani kulimba mtima kumene kukanafunika kuti woweluza auze boma mu 1967 kuti mwana wa Citawala ali ndi cilungamo.

Zotsatila za cigamuloco zinagwela ana. Ahedi m'madela ambili anaona kuti khoti yawatsegulila njila, ndipo ana a Mboni ambilimbili anacotsedwa m'masukulu m'zaka zotsatila. Ca kumapeto kwa 1968 ndi kuciyambi kwa 1969, pa nyengo ya masankho, makolo awo anamenyedwa ndipo nyumba zawo zopemphelelamo zinatenthedwa, makamaka ku Luapula, cifukwa cokana kuvota ndi kugula makadi a cipani. Kwa anansi athu zinafika poipilatu: a Kamuzu Banda analetsa Mboni mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi zinathawila kuno n'kukhala pa msasa wa Sinda Misale ku Eastern Province. Dziko limene linali kucotsa ana awo m'kalasi ndi limene linawapatsa pogona, ngakhale kuti sanakhalitse asanawabweze.

M'kupita kwa nthawi mkwiyo unazilala, ndipo pofika m'zaka zimene ife tinali pa sukulu, kuima cete kunali cinthu cozolowelekela. Makhoti nawonso anayamba kulimba pofunsa boma. Pakati pa zaka za m'ma 1990, pa mlandu wa a Christine Mulundika ndi anzawo, khoti yaikulu koposa pansi pa a Matthew Ngulube inafafaniza mbali ya lamulo imene inali kufuna cilolezo ca apolisi anthu asanasonkhane. Lamulo la maphunzilo la 1966 linalowedwa m'malo ndi la 2011, limene limanena poyela kuti mwana ali ndi ufulu wa maphunzilo, cinthu cimene loya wa Feliya analibe m'manja.

Koma tsegulani malamulo aakulu a dziko amene tili nawo lelo, mupite pa gawo 19. Ufulu wa cikumbumtima ulipo, wolembedwa bwino. Tsikilani pa ndime 5, mudzaupeza mcila uja, pafupifupi liwu ndi liwu monga unalili mu 1964. Cigawo ca maufulu a anthu sicisinthika popanda lifelendamu, ndipo ija ya pa 11 Ogasiti 2016, imene inali kufuna kucikonzanso ndi kuwonjezelamo maufulu monga wa maphunzilo, inagwa cifukwa mavoti ovomeleza sanafike theka la anthu onse oyenela kuvota. Ambili a ife tsiku limenelo tinali kuganiza za mpando wa pulezidenti cabe, pepala la lifelendamu tinaliona ngati lowonjezela.

Nkhani za mtundu umenewu sizinathe, zimangosintha covala. Lelo ndi mwana wa Sabata amene mayeso kapena kalasi yamugwela pa Ciwelu, mtsikana wa Cisilamu ndi mpango wake, mnyamata wa Cirasita ndi tsitsi lake pa geti ya sukulu. Ku Malawi khoti yaikulu ya ku Zomba inagamula mu 2023 kuti masukulu a boma aleke kukana ana a Arasita cifukwa ca tsitsi. Kuno kwathu, aliyense wa ana amenewa akapita ku khoti, loya wa boma adzatsegula gawo 19 pa ndime 5, ndipo mlandu wa Kachasu, umene ophunzila za malamulo ku UNZA amawelenga mpaka lelo, udzakhala pa tebulo pake.