Mtunda wa pandege

Mawu akuti mtunda ali ndi matanthauzo awiri amene amaoneka ngati akutsutsana tikamakamba za ndege. Kwa msodzi wa ku Nkhotakota, mtunda ndi nthaka youma kumene amakocheza bwato. Kwa wapaulendo, ndi kutalikirana kwa malo awiri. Ndiye wina angafunse kuti, makilomita oposa 8,000 a pakati pa Johannesburg ndi Perth, ku Australia, amene pafupifupi onse ali pamwamba pa nyanja yamchere ya Indian, tingawatche bwanji mtunda? Funsoli n'lomveka, koma tanthauzo lachiwirili linalekana ndi dothi kalekale. Limangoyeza kutalika, kaya pansipo pali madzi kaya mchenga.

Ena amati pandege tizingowerenga maola, ndipo apa mpamene sindikuvomereza. Mphepo zamphamvu za m'mwambamwamba zimaomba kuchokera kumadzulo, choncho ulendo wopita ku Perth umafupika ndi ola limodzi kapena kuposerapo poyerekeza ndi wobwerera. Maola amatsata mphepo, pamene mzere waufupi kwambiri wolumikiza mizinda iwiriyi pa dziko lobulungirali, umene ndiwo mtunda wa pandege, susintha popita ndi pobwera.