Kompyuta ya Pamkono wa Daiva: Kuchokera ku Mbuzi za Haldane Kufika pa Masamu a Bühlmann

Kwa daiva, munthu wolowa pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya, zoopsa zambiri zimadikira pobwerera. Akatsika mamita 10 alionse, madzi amamupanikiza ndi mphamvu ina yofanana ndi kulemera kwa mpweya wonse wa mumlengalenga, ndipo naitirojeni wa mumpweya umene akupuma amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Akavuuka mothamanga, naitirojeniyo amachita thovu m'thupi, monga limachitira thobwa losasa chigubu chikatsegulidwa mwadzidzidzi. Mfundo za mafupa zimaphwanya, ena amafa ziwalo, ena amamwalira. Kakompyuta kovala pamkono kanabadwa pofuna kumuuza daiva pamene ayenera kuima pokwera, ndi mphindi zimene aime.

Matendawa anafala m'zaka za m'ma 1800 pakati pa omanga milatho amene ankagwira ntchito m'zipinda za mpweya wopanikizidwa pansi pa mitsinje. Washington Roebling, injiniya wamkulu wa mlatho wa Brooklyn ku New York, analumala nawo mu 1872. Mu 1878 Paul Bert wa ku France anaonetsa kuti gwero lake ndi thovu la naitirojeni. Mu 1908 John Scott Haldane ndi anzake awiri, Boycott ndi Damant, atayesa pa mbuzi ku London, anagawa thupi m'zigawo zisanu, zina zomwa naitirojeni msanga, zina mochedwa, natulutsa matebulo ouza daiva malo oima. Tebulo linali ndi chilema chimodzi: linkawerenga ngati munthu wakhala pamalo akuya kwambiri ulendo wonse. Zipangizo zoyamba zoyesa kulondola ulendo weniweni, monga cha kampani ya SOS ya ku Italy cha mu 1959, zinkagwira ntchito ndi mpweya wodutsa m'kasefa, ndipo madaiva ambiri sankazikhulupirira.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi ku Zürich, m'dziko la Switzerland limene lilibe ndi nyanja yamchere yomwe. Kumeneko dokotala Albert Bühlmann anayamba kugwira ntchito ndi mnyamata wa masamu, Hannes Keller, amene ankafuna kutsika kuposa wina aliyense popuma mpweya wosakaniza ndi heliyamu. Mu 1962 Keller anafika mamita oposa 300 kufupi ndi chilumba cha Catalina ku California. Iye anatuluka wamoyo, koma anthu awiri anafera pa ulendowo. Bühlmann anapitiriza kuyesa kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo dziko lake linamupatsa funso limene asilikali a panyanja a ku Britain ndi ku America analibe nalo changu. Nyanja za ku Switzerland zili m'mapiri, kumene mpweya wa mumlengalenga ndi wopepuka, kotero daiva akavuuka thupi lake limamasuka kwambiri kuposa wa kugombe la nyanja yamchere. Masamu ake anayenera kugwira ntchito pamalo okwera alionse.

Mu 1983 anasindikiza buku la zonse zimene anapeza, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi. Masamuwo anawakonzanso pambuyo pake n'kukhala ZH-L16, amene amagawa thupi m'zigawo 16. Chigawo chofulumira chimafika theka la kukhuta naitirojeni m'mphindi 4, chochedwetsetsa m'mphindi 635. Chaka chomwecho cha 1983 panatuluka makompyuta awiri amagetsi: Orca Edge ku America, ntchito ya Craig Barshinger ndi Karl Huggins, ndi DecoBrain ku Switzerland, yozikidwa pa ntchito ya Bühlmann. Olemba mbiri ambiri amatamanda Edge chifukwa ndiyo inazoloweretsa madaiva wamba kudalira makina, ndipo ulemuwo ndi woyenera. Koma ine ndimati mwini tsiku ndi Bühlmann. Edge inatha, DecoBrain inatha, pamene manambala amene dokotalayu anaika poyera kuti aliyense awerenge, awayese ndi kuwatsutsa akugwirabe ntchito lero, ngakhale mwini wake anamwalira mu 1994. Akanawatsekera m'kabati ya kampani, akanapita naye kumanda.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunafala kusambira kwa tekinikolo, kumene daiva amapitirira mamita 40, amalowa m'mapanga ndi m'zombo zomira, ndipo sangavuuke popanda kuima panjira. Ameneyu amanyamula mipweya ingapo: trimix wokhala ndi heliyamu wa pansi, naitiroksi wokhala ndi okosijeni 50 peresenti woyambira pa mamita 21, ndi okosijeni wosasakaniza wa pa mamita 6. Chakumapeto kwa zaka zomwezo injiniya Erik Baker anawonjeza pa masamu a Bühlmann manambala awiri otchedwa gradient factors, olola daiva kudziikira malire osamala kuposa a m'buku. Nthawi yomweyo kunatchuka chiphunzitso chakuti ndi bwino kuyamba kuima ukadali pakuya, ndipo makampani ena anaika m'makompyuta awo masamu a thovu, monga RGBM ya Bruce Wienke, amene tsatanetsatane wake sanaululidwe wonse. Mu 2011 ofufuza a asilikali a panyanja a ku America anatulutsa zotsatira zosonyeza kuti madaiva oima pakuya anadwala ambiri kuposa oima chakumtunda. Amene anali ndi masamu apoyera anangosintha manambala awo awiri aja. Enawo anadikira kuti kampani iwaganizire.

Mbiriyi ndiyo iyenera kumutsogolera woyamba kumene posankha kompyuta. Afunse kaye masamu amene ali m'kompyutamo, ndipo ZH-L16C yokhala ndi gradient factors, imene imapezeka m'makompyuta a Shearwater, Garmin ndi ena, ndiyo ingagwirizane ndi pulani yolemberatu pa foni kapena pa laputopu. Kompyutayo ilole kusintha mipweya ali pansi pa madzi, idziwenso heliyamu ngakhale maphunziro ake sanafike pamenepo. Manambala aoneke bwino mumdima, mabatani adinike ndi dzanja lovala golovesi, ndipo isadzitseke n'kusiya kuwerenga munthu akaphonya poima. Afunsenso mphunzitsi wake ndi anzake a m'gulu, chifukwa anthu otsika limodzi ayenera kukwera limodzi.

Kwa ife kuno, funso la Bühlmann ndi lathu ndithu. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi ake ndi opepuka kuposa amchere ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Wochoka ku Nkhata Bay amakwera mtunda kupita ku Mzuzu, pa mamita oposa 1,200, ndipo wochoka ku Cape Maclear kudzera ku Golomoti amakafika ku Dedza, kokwera kuposa pamenepo, naitirojeni akadali m'thupi. Inu amene mukuyamba, gulani kompyuta yodziyezera yokha kukwera kwa malo, muitchere pa madzi opanda mchere, ndipo mukatuluka ulendo wakuya mugone kugombe musanakwere phiri.