Sikelo Imene Inagwetsa Phlogiston

M'zaka za m'ma 1700, akatswili ambili a ku Ulaya anali kukhulupilila kuti ciliconse coyaka cili ndi cinthu cochedwa phlogiston, cimene cimathawa moto ukayaka. Amene anakhazikitsa ciphunzitso ici anali Georg Ernst Stahl wa ku Germany. Tisafulumile kuwaseka. Nafenso tikaona malasha odzaza mbaula atasanduka kaphulusa, maso amatiuza kuti cinacake cacoka.

Vuto linali pa zitsulo. Tini kapena mtovu ukatenthedwa kwambili, phulusa lake limalemela kuposa citsulo cija. Nanga cinthu cingalemele bwanji citataya kanthu? Ena, pofuna kupulumutsa ciphunzitso cao, anafika ponena kuti phlogiston imapeputsa zinthu.

Mu 1774, Antoine Lavoisier wa ku Paris anaika tini m'botolo lagalasi, kulitseka zolimba, kulipima, ndi kulitenthetsa. Tini inasintha maonekedwe, koma sikelo siinasunthe. Atatsegula botolo, mpweya unaloŵa, ndipo apo m'pamene kulemela kunakwela. Tini inali itameza mbali ina ya mpweya wa m'botolomo, imene iye pambuyo pake anaicha oxygen. Mikhail Lomonosov wa ku Russia anacitapo zofanana mu 1756, koma mbili yake siinapite patali. Lavoisier analemba lamuloli momveka m'buku lake la mu 1789: zinthu zikasakanikilana ndi kusintha, kulemela kwa zonse pamodzi kumakhala cimodzimodzi. Zithunzi za m'bukulo anajambula mkazi wake Marie-Anne, amenenso anali kulemba zotuluka m'mayeso, ngakhale kusukulu dzina lake sitimalimva kaŵilikaŵili.

Masikelo ake anali odula maningi. Ndalama zinali kucokela ku kampani yokhometsa msonkho m'dzina la mfumu, nchito imene anthu anali kuida. Ndiyo inamuphetsa: pa 8 May 1794, nthawi ya cipanduko ca ku France, anamudula mutu ali ndi zaka 50.

Manje tiŵelenge za mbaula ija. Magalamu 12 a carbon amagwilana ndi magalamu 32 a oxygen kupanga magalamu 44 a carbon dioxide. Kilo imodzi ya carbon wa m'malasha imatulutsa pafupifupi makilo 3.7 a mpweya umene sitiuona. Tikaloŵetsa mbaula m'nyumba mu June n'kutseka mawindo, oxygen imacepa, ndipo carbon ina imasanduka carbon monoxide, imene ilibe fungo ndipo imapha munthu ali m'tulo.