Oimba a kwathu tiwathokoze akali moyo

Agogo anga aakazi anaimba kwaya zaka zoposa 40 pa tchalitchi china chaching'ono kufupi ndi Nsaru. Atamwalira chaka chatha, anthu anachezera m'siwa kuimba nyimbo zomwe iwo anawaphunzitsa. Koma mbiri ya moyo wawo itawerengedwa, za kwaya zinangotenga mzere umodzi. Ndinabwerera kusukulu ndi funso: kodi mbiri ya nyimbo za m'tchalitchi kwathu kuno ndi ya yani?

M'mabuku, mbiriyi imayamba ndi amishoni. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni ku Mvera mu 1889, ndipo ntchito yawo ndiyo inabala Sinodi ya Nkhoma. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Nambuma mu 1928. Nthawi imeneyo Misa inkachitika m'Chilatini, mpaka msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utaloleza zilankhulo za eni dera. Pambuyo pake ng'oma ndi visekese zinayamba kumveka pa Misa.

Apa ndi pomwe mabuku amakhalira chete. Chilolezo chinachokera ku Roma, inde, koma amene anasandutsa chilolezocho kukhala nyimbo anali akatekisiti, aphunzitsi ndi alimi wamba a ku Namitete, Kabudula ndi Mpingu. Ku CCAP nako, amayi a Chigwirizano akhala akunyamula nyimbo pa maliro ndi pa maukwati. Ambiri sankawerenga manotsi. Ankasunga mawu onse anayi m'mutu, n'kumaphunzitsa anzawo madzulo ataweruka kumunda, popanda malipiro. Mayina awo sanalembedwe paliponse.

Ayuda akale anachita mosiyana. Buku la 1 Mbiri, mutu 25, limawerenga oimba 288 a m'nyumba ya Mulungu, ndipo limatchula atsogoleri awo Asafu, Hemani ndi Yedutuni pamodzi ndi ana awo. Mu Nehemiya 13 timamva kuti oimba atamanidwa gawo lawo anabwerera kuminda, ndipo Nehemiya anadzudzula akuluakulu, osati oimbawo. Mtima umenewu ulipobe. Ku America, bungwe la Zamir Choral Foundation limapereka mphoto ya Hallel V'Zimrah kwa anthu omwe atumikira nyimbo za makwaya a Chiyuda.

Ena anganene kuti wotumikira Mulungu safuna kuwomberedwa m'manja. Agogo akananena zomwezo. Komatu kuthokoza si malipiro, ndi kusunga mbiri. Nyimbo zambiri za makwaya a kumudzi sizili m'buku lililonse. Mtsogoleri wokalamba akamwalira, amapita nazo kumanda pamodzi ndi dzina la amene anazipeka ndi chifukwa chomwe anazipekera. Ine pali nyimbo ziwiri za agogo zomwe ndimangokumbukira poyambira pake, ndipo palibenso woti ndimufunse.

Mipingo ikhoza kupatula Lamulungu limodzi pachaka, kuitana oimba akalewa kutsogolo, kutchula zaka zomwe atumikira ndi kuwaveka nsalu. Ife ophunzira tili ndi mafoni m'matumba. Tchuthi chikubwerachi ndikupita ku Nsaru kukakhala pakhonde ndi anzawo a agogo atatu omwe atsala, kuwajambula mawu ndi kulemba mayina awo. Nanunso kwanu alipo. Afunseni akadali ndi mawu.