Mlandu wa ku Saada

Kumpoto kwa dziko la Yemen, kumapiri oyandikana ndi malire a Saudi Arabia, kuli mzinda wakale wa Saada, wozingidwa ndi linga la dothi, kumene m'chaka cha 897 kudafika mwamuna wa mbumba ya Mneneri Muhammad, dzina lake Yahya ibn al-Husayn, ataitanidwa ndi mafuko a kumeneko kuti adzaweruze mikangano yawo. Ndipo iye, m'mene adaiweruza, adakhazikika komweko, nayamba ufumu wa maimamu a Chizaidi, nthambi ya Asilamu a Chishia, ufumu umene, ngakhale udagwa ndi kudzuka kangapo, udakhalapo zaka zoposa 1,000.

Mu Seputembala 1962 akuluakulu a asilikali adachotsa Imamu Muhammad al-Badr, amene adangokhala pampando sabata imodzi, ndipo padabuka nkhondo ya zaka 8, Egypt ikuthandiza boma latsopano, Saudi Arabia ikuthandiza imamu. Nkhondo itatha mu 1970, Saada, popeza adaima ndi ogonja, adasiyidwa m'mbuyo: misewu, zipatala ndi masukulu zidamdutsa, ndipo mabanja a mbumba ya Mneneri, amene kale anthu ankawapsompsona m'manja, adasanduka okayikiridwa. Chimene chidawawa koposa n'chakuti pamudzi wa Dammaj, pafupi penipeni ndi Saada, Muqbil al-Wadi'i adatsegula sukulu ya chiphunzitso cha Chisalafi, chofanana ndi cha ku Saudi Arabia, chimene chinkati Azaidi ndi osokera, ndipo ana a Azaidi omwewo adayamba kutsutsa mapemphero a makolo awo. Akulu adati mlandu suwola, ndipo uwu sudawole.

Poyamba Azaidi adayankha ndi maphunziro, pakuti m'zaka za m'ma 1990 gulu la achinyamata a Chizaidi linkasonkhanitsa ana patchuthi kuwaphunzitsa chikhulupiriro cha makolo. Koma Hussein Badreddin al-Houthi, amene adakhalapo phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1993 kufikira 1997, adakuza mawu, nadzudzula Pulezidenti Ali Abdullah Saleh chifukwa chogwirizana ndi America, naphunzitsa omutsatira mfuu yotemberera America, Israel ndi Ayuda, mfuu imene munthu wokonda chilungamo sangaiyamikire. Anyamata ake atayamba kuifuula mumzikiti waukulu wa ku Sanaa, likulu la dziko, atatha mapemphero a Lachisanu, boma lidawamanga ambirimbiri. Mu Juni 2004 lidatumiza asilikali kukamgwira iye mwini, ndipo mu Seputembala adamupha kumapiri a Marran, chithunzi cha mtembo wake nachionetsa poyera, mtembowo nausunga zaka zambiri.

Pamenepa ndipo ndiona kulakwa kwakukulu. Saleh, amene nayenso adabadwa Mzaidi, ndipo ankayerekeza kulamula Yemen ndi kuvina pamitu ya njoka, adayesa kuti akapha mlaliki waphanso ulaliki. Koma m'nkhondo 6 zimene zidamenyedwa pakati pa 2004 ndi 2010, mudzi uliwonse umene ndege zidagumula, munda uliwonse wa mphesa ndi makangaza umene akasinja adapondereza, udatuma amuna ake kwa Abdul-Malik, mng'ono wa wophedwayo, ngakhale aja amene sadamvepo ulaliki wa Hussein, pakuti kumeneko mwazi wa mbale suiwalika kufikira utalipsidwa.

Zotsatira zidadza mothamanga. Chipwirikiti cha 2011 chidagwetsa Saleh, Abd-Rabbu Mansour Hadi nalowa m'malo mwake mu 2012. Boma litakweza mtengo wa mafuta mu Julayi 2014, otsatira a Abdul-Malik, otchedwa a Houthi, adatsika kumapiri, nalanda Sanaa pa 21 Seputembala, mothandizidwa ndi Saleh yemwe uja adawaphera mtsogoleri, ndipo Salehyo iwo adadzamupha mu Disembala 2017 atawatembenukira. Hadi adathawira ku Aden, kenaka ku Riyadh, ndipo pa 26 Marichi 2015 Saudi Arabia ndi anzake, poopa dzanja la Iran kumbuyo kwa a Houthi, adayamba kuponya mabomba.

A Houthi amene adalira pansi pa goli adasenzetsa anzawo goli lolemeranso: adatchera mabomba m'nthaka, adazinga mzinda wa Taiz, adapatsa ana mfuti. Nazonso ndege za adani awo sizidasankhe. Pa 9 Ogasiti 2018, pamsika wa Dahyan m'chigawo cha Saada, bomba lidagwera basi imene idanyamula ana asukulu opita kokayenda, ndipo ana 40 adafa. Bungwe la United Nations lidawerengera kuti pofika kumapeto kwa 2021 anthu 377,000 adali atafa, ochuluka mwa iwo osati ndi chipolopolo, koma ndi njala, kolera ndi kusowa mankhwala. Mu Epulo 2022 mbali ziwirizo zidavomerezana kuleka kumenyana kwa kanthawi, Sanaa ali m'manja mwa Abdul-Malik, Aden ali m'manja mwa boma.